Katsumba Kuseri kwa Khutu

Amene sanapiteko kunkhondo amaganiza kuti msilikali amangokhalira kuwomba mfuti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Akanadziwa. Ntchito yaikulu ya kunkhondo ndi kudikira: kudikira madzi, kudikira lole ya chakudya, kudikira kuti akuluakulu amene ali kutali uko, pamalo pouma, agwirizane zoti inu muchite. Tsono munthu akamadikira, tsitsi lake silidikira nawo, limangokula, ndipo nsabwe zimabwera kudzamanga mudzi. N'chifukwa chake m'gulu la asilikali limene linakhalitsa pa depoti yakale ya mabasi, kumapeto kwa tauni imene eni ake anali atathawamo, munthu amene ankalemekezedwa kwambiri, kuposa ngakhale wophika, anali Wometa.

Kumeta sanakuphunzirire kunkhondo. Kwawo anali ndi kashopu kake m'mphepete mwa msewu, pakati pa wokonza mawotchi ndi mayi wina wogulitsa nsalu. Munali mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira, wailesi imene inkafuna kaye kumenyedwa khofi kuti iyambe kulankhula, ndi kalilole wamkulu amene anamugula asanagule bedi. Atamuitana ku usilikali anatseka chitseko, kiyi n'kupatsa mlongo wake, ndipo m'chikwama anaponyamo sizasi, chipeso choguluka mano, kamashini kometera ka pamanja ndi nsalu yoyera yokoleka m'khosi. Mfuti ankaigwira ngati wina aliyense, ikafika nthawi yake yolondera ankalondera, koma kunena zoona mfutiyo sinkamukhala. Anali munthu wa manja ofewa, wosachedwa kuda nkhawa.

Depotiyo inali chishedi chachikulu cha malata obowokabowoka. Mkati munali mabasi opserera, otsala zitsulo zokhazokha, ndipo pansi pankanunkhabe oyilo ngakhale kuti makanika womaliza anachokapo kalekale. Maenje amene amakanika ankalowamo pokonza mabasi kunsi ndi amene anasanduka zipinda zogona. Mizinga ikayamba, aliyense ankadumphira m'dzenje lake ngati chule. Pakona ina, pamene denga linali lisanabowoke, ndi pamene panali shopu yatsopano ya Wometa: mpando wa dalaivala wozulidwa m'basi, atausanjika pa matayala, ndi kagalasi ka m'mbali mwa basi kokhomedwa pa mzati. Kagalasiko kankaonetsa nkhope yokha, kuyambira pachipumi kulekeza pachibwano. Za kumbuyo kwa mutu munthu ankangokhulupirira mwini ntchito.

Amene anapulumuka m'gulu limeneli lero ndi madala, ndipo akakumana sakamba kwambiri za mizinga. Amakamba za mpando uja. Munthu ankakhalapo ali wakuda ndi matope, masokosi atanyowa kwa masiku, koma nsalu ikangofika m'khosi ankasanduka munthu wamba, wokhala ndi kwawo. Ena ankayamba kufotokoza za ana awo popanda wowafunsa. Ena ankangogona tulo. Kwa kanthawi kochepako dzanja la munthu linkawagwira m'mutu mosafuna kuwapweteka, ndipo kunkhondo chimenecho si chinthu chaching'ono.

Amene anazula mpandowo anali mlamu wake wa Wometa, mwamuna wa mlongo wake uja. Onse ankamutchula kuti Dalaivala, poti kwawo ankayendetsa basi. Anali chimunthu chachitali, chaphokoso, chosadziwa kuopa, mtundu wa anthu amene bomba likagwa pafupi amayamba afunsa ngati tiyi watayika. Ubale wawo unayambira pampando wozungulira uja. Dalaivala ankabwera kudzametetsa sabata ndi sabata, tsitsi lisanamere n'komwe, ndipo ankafika nthawi yeniyeni imene mlongo wake wa Wometa ankabweretsa tiyi ku shopu. Wometa anachedwa kuzindikira, moti pamene ankati adzidzimuke, anthu anali atayamba kale kusoketsa zovala za ukwati. Tsiku lonyamuka kupita kunkhondo mlongo wakeyo sanalire. Anamukokera pambali n'kunena kuti, “Achimwene, mukabwere naye. Ngakhale akutopetseni chotani, mukabwere naye.” Mawu amenewo Wometa ankadzuka nawo, kugona nawo.

Tsono gulu limeneli linali ndi mwambo wakewake, umene simukanaupeza m'buku lililonse la usilikali. Unayamba mwangozi. M'miyezi yoyambirira, Wometa ali mkati mometa msilikali wina wachibwibwi, kunabwera lamulo loti anthu anyamuke msangamsanga kukazonda adani. Wachibwibwiyo anadzuka pampando mutu usanathe, kuseri kwa khutu kutatsala katsumba. Ulendo umenewo unali woipa, anthu anavulala, ena sanabwerere, koma iye anabwera wopanda ngakhale kachilonda, n'kufikira pampando paja. “Ndabwera m-m-mumalize,” anatero. Kuyambira pamenepo aliyense wopita kukazonda ankayamba wametedwa, ndipo Wometa ankamusiyira katsumba kuseri kwa khutu lakumanzere. Ankati munthu amene kumeta kwake sikunathe sangapite kokakhalitsa. Akabwerako ankakhalanso pampando, sizasi n'kudula katsumbako, basi ulendo watha.

Mungaseke, ndipo eni akewo nawonso ankaseka. Sajeni, bambo waimvi amene anali ataona nkhondo zina, ankati zimenezi n'zachibwana, chipolopolo sichifunsa za tsitsi. Koma ikafika nthawi yake yotsogolera ulendo, ankakhala pampando n'kupendeketsa mutu mwakachetechete. Katsumba sikankapulumutsa onse. Alipo amene Wometa anawamaliza atagona pansi, atafunditsidwa bulangeti. Komabe palibe amene anayerekezapo kutuluka pageti popanda katsumba, ndipo akanapezeka wotero, palibe akanalola kuyenda pafupi naye.

Tsiku limene tikunenali kunacha ndi mvula ya mawawa, ija yosadziwa kukata. Tiyi asanazizire, lamulo linafika: anthu ochepa apite kutsidya kwa minda akaone mlatho, ngati ukadali wolimba moti malole angadutsepo. Anyamuke mvula isanakate, poti ndi imene iwabise. Sajeni anatchula mayina, ndipo la Dalaivala linali loyamba. Wometa anayala zida zake, anthu n'kufola. Anawameta mmodzi ndi mmodzi, aliyense n'kumusiyira katsumba kake. Dalaivala, monga mwa masiku onse, anabwera pomalizira, akutafuna buledi.

“Alamu, mumete bwino lero,” anatero akudziponya pampando. “Adani akandiona anene kuti uku kuli anthu aukhondo.”

“Khala bwino, iwe. Mutu wakowu ngakhale ndiukonze bwanji umangokhala ngati dzungu.”

“Mlongo wanu anaukonda momwemu.”

“Anali mwana. Sankadziwa kanthu.”

Anamukoleka nsalu m'khosi, kamashini n'kuyamba kulira, ketekete, ketekete. Mvula inkagogoda pa malata, ndipo penapake madzi ankadontha m'chitini chimene wina anatchera. Dalaivala anatsinzina.

“Mwakumva kudontha uko, alamu? Ndendende ku shopu kwanu.”

Wometa anatchera khutu. Zinalidi choncho. Ku shopu kwake denga linkadontha pakona ya kubenchi, ndipo chaka ndi chaka ankati alikonza mvula ikatha.

“Beseni lobiriwira lija,” anatero.

“Lomwelo. Limene wokonza mawotchi anapondamo ndi nsapato zatsopano.”

“Anandinyanyala nthawi yaitali. Ankakametetsa kwina, n'kubwera atamulima m'mutu ngati munda wa mwana.”

Anaseka onse awiri, ndipo nkhani inatsetsereka yokha. Anakumbutsana za madzulo a Loweruka, benchi itadzaza, ena ataima pakhomo, onse akukangana za mpira umene palibe anauona ndi maso, angoumva pa wailesi yolira mwa apo ndi apo. Anakumbutsana za mayi wa nsalu uja, amene ankamva nkhani zonse kudzera pakhoma n'kumayankhira ali kwake konko. Dalaivala anakumbutsa mmene ankachepetsera liwiro la basi akafika pa shopu, kuliza hutala, n'kumasuzumira pawindo, okwera kumbuyoko akudandaula kuti achedwa kuntchito.

“Ndinkadziwa kuti hutala imeneyo si yanga,” anatero Wometa.

“Simunkadziwa kanthu, alamu. Munkakweza dzanja n'kumayankha.”

“Ndinkachita ulemu.”

“Nanga tsiku limene munameta mwana wanga koyamba? Munamukhazika pa thabwa, pamwamba pa mpando. Analira ngati tikumupha. Mayi ake ataima pakhomo ndi fulasiki, kuseka mpaka misozi. Pano tsitsi liyenera kuti lamufika m'maso. Ndimamudziwa ameneyo, sangalole wina kumumeta. Akudikira amalume ake.”

M'maganizo mwake Wometa anali atachoka kale pa depoti paja. Ankamva fungo la sopo ndi sipiliti, ankaona dzuwa la madzulo likulowa pakhomo n'kugwera pa kalilole, msewu ukusokosera kumbuyo kwake. Analakalaka kwawo. Ndipo manja ake, amene anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri nkhondo isanabwere, anachita zimene ankachita ku shopu. Anatsika ndi kamashini kumanja, kuzungulira kumbuyo, kukwera kumanzere. Anasalaza m'mphepete mwa khutu. Anapukuta m'khosi, kumasula nsalu, n'kuikutumula mmene ankachitira kwawo.

“Wotsatira,” anatero.

Panalibe wotsatira. Panali mabasi opserera ndi mvula. Anayang'ana kuseri kwa khutu la mlamu wake: kunali kuti see, kosalala ngati mmene anamumetera tsiku la ukwati.

Asanatsegule pakamwa, Sajeni anaitana kuchokera pakhomo la shedi. Dalaivala anadzuka, kudziyang'ana pa kagalasi, kukweza nsidze mokhutira, n'kuvala chisoti chake chachitsulo. “Mnyamata wooneka bwino,” anadziuza yekha, n'kupita kukatenga mfuti.

Wometa anatsala ali chilili, nsalu ili m'manja. Amuuze? Akanena pagulu, anzake aja amutalikira ngati mtembo woyenda, ndipo kunja kuja munthu amene anzake akumutalikira ndi amene amasiyidwa akagwa. Akamuuza kumbali, amutumiza kunja ndi mantha amene sanakhalepo nawo chibadwire. Akapanda kumuuza, ndiye kuti wamumaliza ndi manja ake n'kumutsegulira geti. Anawerama n'kutola katsitsi pansi, akuganiza zokamumata ndi girisi, koma tsitsi la anthu onse linali litasakanikirana m'matope, ndipo ngakhale iye mwini anaona kuti nzeru imeneyo ndi ya munthu wosokonezeka mutu.

Anathamangira kwa Sajeni, amene ankamanga zingwe za jombo.

“Bwana Sajeni, ndipite ineyo m'malo mwa mlamu wanga.”

Sajeni anakweza maso. “Watani mlamu wako?”

“Akutsokomola. Adzidzimutsa adani.”

“Ndamumva akuseka kuyambira m'mawa, chifuwa sindinachimve. Ndiponso iweyo mlatho ukauona ungadziwe ngati unganyamule lole?”

“Ndingayese.”

“Ndinakuonapo ukuthamanga, Wometa. Bakha amakuposa. Khala pompano, unole sizasi, madzulo uli ndi ntchito.”

“Ndiye ndingopita nawo. Ndinyamule zipolopolo.”

Sajeni anamaliza kumanga chingwe, n'kumuyang'ana kwa nthawi. “Pali kanthu?”

“Palibe, bwana.”

“Ndiye usanditayitse nthawi.”

M'kusokonezeka kwakeko Wometa anali ataiwala chinthu chimodzi. Mwambowu unali ndi mchira wake: pageti, asanatuluke, aliyense ankalowetsa chala pansi pa chisoti, kukhudza katsumba kake, n'kunena kuti kalipo. Anakumbukira ataona anthu afola kale pageti paja, mvula ikuwayenderera m'mapewa.

Sajeni anayamba, mwamanyazi monga mwa nthawi zonse. “Kalipo.” Wachibwibwi uja anatsatira, kenako enawo, mmodzi ndi mmodzi. Dalaivala analowetsa chala akumwetulira. Chala chinakhalitsa. Chinatsika, chinakwera, chinapita mpaka kumbuyo kwa mutu. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono, ndipo anatembenuka kufunafuna mlamu wake pakati pa otsala. Maso awo anakumana.

“Iwe Dalaivala, tikudikira iwe,” anatero Sajeni.

“Kalipo,” anatero Dalaivala mokweza. “Ndipo andisiyira kakakulu, koti n'kumangirirapo mbuzi.”

Anthu anaseka. Anatuluka mmodzimmodzi n'kulowa m'mvula. Dalaivala sanacheuke, koma Wometa, amene ankadziwa kayendedwe kake kuyambira kale, anaona kuti lero akuyenda atawerama, ngati munthu wolowa m'nyumba ya khomo lalifupi.

Tsiku limenelo linatalika. Wophika anabwera kuti ametedwe ndevu poti panalibe mzere, Wometa n'kumucheka pachibwano, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Wophika anachoka atagwira chibwano, akudandaula kuti adani ali mkati momuno. Wometa anasesa pamalo pake, kutsuka chipeso, kuthira mafuta kamashini, kupinda nsalu, kuifunyulula, kuipindanso. Chakudya chitapsa anamubweretsera mbale yake, nyemba n'kuzizirira momwemo. Pomaliza anakhala pampando uja n'kumangoyang'ana kugeti.

Anayesa kudzilimbitsa mtima ndi mawu a Sajeni, oti chipolopolo sichifunsa za tsitsi. Kwawo iye sanali munthu wokhulupirira zoterezi. Ankaseka chamumtima makasitomala amene ankatolera tsitsi lawo m'pepala poopa kulisiya pansi. Koma kuno zinali zina. Kuno munthu analibe chitseko choti atseke, analibe ngakhale mawa loti n'kulidalira, ndipo katsumba kaja kanali kanthu kokhako kamene anthu anadzipangira okha. Iye ndi amene anapatsidwa kuti azikasunga, ndipo anakataya chifukwa cha beseni lobiriwira. Anadzida, anadanso ndi manja ake.

Masana mizinga inalira cha kumlatho. Otsala analumphira m'maenje, iye anangokhala pampando pomwepo mpaka wophika anachita kumukoka malaya. M'dzenjemo, dothi likuyoyokera m'khosi mwake, ankaona nyumba ya mlongo wake: khonde losesedwa bwino, malaya a ntchito a Dalaivala atayanikidwa pa chingwe, mlongo wake akutuluka akupukuta manja pa diresi, maso ake akudutsa iye n'kumayang'ana kumbuyo kwake. Adzati chiyani? Kuti anamupha ndi adani? Anadziwa kuti akhoza kunena zimenezo kwa anthu onse a mumsewu muja n'kumukhulupirira, koma kiyi wa shopu sadzathanso kumulandira m'manja mwa mlongo wake.

Kenako kunangoti zii. Mvula nayo inakata. Anthu anatuluka m'maenje n'kumayendayenda opanda chochita, aliyense akupewa kuyang'ana kugeti, aliyense akuyang'anako mwakabisira. Wina anayesa kuyambitsa nyimbo, palibe anamuvomera.

Dzuwa litapendeka, mlonda wa pageti anaimba likhweru. Anayamba kulowa mmodzimmodzi, matope mpaka m'makutu, osazindikirika nkhope. Wometa ankangoyang'ana msinkhu, kufunafuna wamtali. Wamtali panalibe. Pambuyo penipeni panabwera anthu atanyamula chitseko cha nyumba ya eni ake, ndipo pachitsekopo panagona munthu amene mapazi ake ankapitirira kumapeto.

Kenako chitsekocho chinalankhula. “Pang'onopang'ono pa bampu apo. Munaphunzira kuti kuyendetsa?”

Dalaivala anali moyo. Chidutswa cha bomba chinali chitamuphwanya mwendo kunsi kwa bondo, ndipo Sajeni anaumanga ndi lamba. Anamutula pakati pa shedi. Wothandiza ovulala, amene onse ankamuti Dokotala ngakhale kuti kwawo ankangogulitsa m'sitolo ya mankhwala, anagwada pambali pake n'kugwira ntchito kwa nthawi, milomo ataifinya. Anamuuza kuti avule chisoti apume bwino, Dalaivala anachigwira ndi manja onse awiri n'kukana. Dokotala atadzuka anati munthuyu apite ndi lole ya chakudya lero lomwe. Moyo apulumuka, za mwendo akanena a kuchipatala, koma nkhondo yake yathera pomwepa.

Obwerera aja, asanasambe n'komwe, anali atafola kale pampando. Wometa anawamaliza mmodzi ndi mmodzi. Sajeni atakhala anapendeketsa mutu n'kulankhula chapansipansi.

“Mlatho ndi wolimba. Mlamu wako analowa kunsi kwake n'kukaona yekha. Koma lero wandidabwitsa. Munthu uja amene timachita kumukalipira kuti abisale, lero mzinga usanalire bwino n'komwe anali atagona kale pansi, n'kundikokera nane. Pamene tinaima paja patsala dzenje.”

Wometa anadula katsumba ka Sajeni.

Lole itafika n'kutsitsa matumba, anthu anati anyamule chitseko. Dalaivala anakana.

“Ine sanandimalize.”

“Iwe, magazi akutha,” anatero Dokotala. “Tsitsi akakumeta kuchipatala.”

“Kuchipatala amameta ngati akusenda mbatata. Ndiperekeni kwa alamu anga.”

Palibe anatsutsa, poti aliyense akanakhala iye akananena zomwezo. Anamunyamula ndi chitseko chomwe n'kumutula pafupi ndi mpando. Wometa anagwada kumutu kwake, kumbali ya kumanzere, msana wake utatchinga anthu. Anayala nsalu yoyera ija mokweza pang'ono kuposa masiku onse, ndipo apo m'pamene Dalaivala anataya chisoti. Nkhope yake inali yotuwa, milomo youma. Maso okha ndi amene anali a masiku onse.

“Munandimaliza, alamu,” ananong'ona.

“Ndinali ku shopu, mlamu. Sindikudziwa mmene…”

“Ndikudziwa. Tinali konko tonse. Lizani sizasi, anthu akumvetsera.”

Wometa anakweza sizasi kuseri kwa khutu kopanda kanthu kuja, n'kudula mphepo. Sizasi inalira, ndipo kumbuyo kwake anamva anthu akutulutsa mpweya, wina n'kuwomba m'manja pang'ono.

“Njira yonse ndimakutukwanani chamumtima,” Dalaivala anapitiriza. “Ndimati ndisafe ndisanakuuzeni kuti ndinu mmisiri wachabechabe.”

“Wandiuza.”

“Ndangoyamba. Zina ndikakuuzani kunyumba.”

Mawu oti kunyumba anamulasa Wometa, pakuti apa m'pamene anazindikira bwino kuti mlamu wake akupita ndipo iye akutsala. Anakondwa, ndipo nthawi yomweyo anachita mantha ngati mwana wosiyidwa pamsika. Kuyambira mawa sipadzakhalanso womusokosa m'makutu, sipadzakhalanso wodziwa za wokonza mawotchi.

“Ukafika, ukamuuze mlongo wanga kuti…”

“Ndikamuuze chiyani? Kuti ndakusiyani kuno nokha, ndi manja anu onjenjemerawa? Andibwezera pompano ndi mwendo umodzi womwewu.” Dalaivala anamuyang'anitsitsa. “Patseni kamashiniko.”

“Utani nako?”

“Patseni. Ndiye muwerame.”

Wometa anamupatsa, n'kuwerama. Dalaivala anagwira kamashini ngati wagwira sipanala, n'kukaika pachipumi pa mlamu wake. Kankazula m'malo modula, Wometa n'kungoluma mano. Kanayenda mokhotakhota, kukhotera kumanja, kubwerera kumanzere, kukwera pa liwombo, n'kuima pakati penipeni pa mutu pamene mphamvu zinamuthera mwini ntchito. Wometa ataweramuka, shedi yonse inafa ndi phwete. Ngakhale Sajeni anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

“Akulambulirani msewu, a Wometa,” anatero wophika, akadali ndi kathonje pachibwano.

“Msewu wosatha,” anatero Dalaivala, mokweza mmene akanathera. “Amene aukhudze adzaonana ndi ine. Ndidzaumaliza ndekha, pampando wozungulira, mlongo wawo akuonerera.” Kenako anatsitsa mawu n'kugwira mlamu wake pamkono. “Mwamva, alamu? Ndikakhala pabenchi paja ndi mwana, tonse tikudikira. Musandichedwetse. Mukudziwa kuti ine kudikira sindikutha.”

Wometa anagwedeza mutu movomera. Anthu ananyamula Dalaivala, lole inalizidwa, n'kutuluka pageti ikuzemba maenje. Mpaka patali ankamvekabe akulangiza woyendetsa za magiya.

Nkhondo sinathe msanga. Gulu linakhalabe pa depoti paja nyengo ina yonse ya mvula. Kunabwera anthu atsopano, ndipo aliyense wofika ankafunsa monong'ona kuti ndi wometa wamtundu wanji woyenda ndi mutu wotero. Angapo, pomvera chisoni, anadzipereka kuti amusalaze, iye ankangowathokoza. Tsitsi likayamba kumera n'kumatseka msewu uja, ankakhala pampando, kuweramitsa mutu pa kagalasi, n'kuulambulanso yekha, kutsata makona onse mmene mlamu wake anakhotera, n'kuima pamene iye anaimira.